Njereza ya a Jonasi

A Jonasi Njereza anali ndi khalidwe limodzi limene anthu a pa esiteti ya tiyi ya kufupi ndi Khwethemule sadzaliiwala. Munthu akangotama chithunzi chimene iwo ajambula, ankachifafaniza pomwepo, mwini kutamayo akuona. Sankafunsa kuti wati chiyani. Ankangoviika burashi yawo ya udzu m'ndowa ya njereza, n'kuikwapula pakhoma, basi chithunzi chapita. Kenaka ankatembenuka n'kunena kuti, "Mwaona tsopano zimene mwachita?"

Masiku ano, poti munthuyo anagona, aliyense wasanduka mboni ya luso lawo. Ena akuti ankajambula ngati mngelo, ena akuti dzanja lawo linali lodalitsidwa. Mawu otere amanyansa kumva, makamaka akamachokera pakamwa pa anthu omwe ankawatcha wamisala ali moyo. A Jonasi sanali mngelo. Anali mkulu wamfupi, wamakani, wa mawu ngati chitseko cha kufakitale, ndipo mbuzi zambiri zimene anajambula zinkafanana ndi agalu. Koma zimene zinachitika pakati pa iwo ndi mphunzitsi Fabiano ziyenera kunenedwa monga zinalili, popanda kukometsera.

Anabwera ali mnyamata kuchokera kwa Apwitikizi, pamodzi ndi Alomwe anzawo amene ankathawa nkhanza za kumeneko. Ntchito imene anaipeza pa esiteti inali yopaka njereza, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo. Ankapaka malayini a nyumba za antchito, sitolo, khola la ng'ombe za bwana, sukulu ndi katchalitchi komwe. Chaka chonse ankazungulira ndi ndowa, ndipo akamafika kumapeto, koyambirira kuja kunali kutada kale ndi utsi. Tsono khoma likauma, litayera mbee, mtima wawo sunkapirira. Ankatulutsa chigoba cha mwaye wosakaniza ndi utomoni, china cha katondo, n'kuyamba kujambula ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Ankati khoma lililonse la pa esiteti ndi lawo, chifukwa ndiwo ankalidziwa ming'alu yake.

Woyamba kulawa khalidwe lawo anali kapitawo Bizwiki. A Jonasi anamujambula kuseri kwa sitolo ali gone pamthunzi, ndodo ili pamimba, pakamwa pali yasaa, antchito akuthyola tiyi patali. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kapitawo atafika anayang'ana nthawi yaitali, osazindikira kuti akumunyodola.

"Koma ndine ndithu!" anatero. "Ndi chipewa chomwe! Jonasi, wandikongoletsa."

Burashi inalowa m'ndowa. Anthu anabuula ngati pamaliro, chifukwa panalibenso china chowasangalatsa chotero mwezi umenewo.

Amene anatulukira mankhwala ake anali a Magireti a ku layini yakumtunda. A Jonasi anali atajambula tambala pakhoma la nyumba yawo, tambala wodzikuza, chifuwa patsogolo, wofanana ndi mwamuna wawo akalandira malipiro. A Magireti anamukonda kwambiri, ndipo ataona ndowa ili pafupi, anagwira m'chiuno.

"Tambala wanji ameneyu? Mwendo ngati wa mpando wothyoka!"

"Mwendo uti?" anafunsa a Jonasi.

"Wakumanzerewu."

A Jonasi anapendeketsa mutu, n'kuyang'ana. "Inu muli ndi maso. Akhale."

Tambalayo anakhala chaka chathunthu. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kusunga chithunzi ankachinyoza, ndipo khalidweli linafalikira ngati chimfine. Mayi akaphika ndiwo zokoma, alendo ankati, "Mchere munabisa kuti?" uku akunyambita zala. Mnyamata akafuna kufunsira mbeta, ankayamba n'kudandaula za kayendedwe kake. A Stambuli, amene ankabwera ndi ngolo kuchokera ku Masambanjati, tsiku lina anapeza anthu akunyoza mwana wakhanda wonenepa bwino, ndipo anatsitsa katundu mofulumira n'kuthawa, poganiza kuti ndewu yayandikira.

Ngakhale dona wa bwana sanapulumuke. Anaona ng'ombe zojambulidwa pakhola, n'kunena m'Chinyanja chake chopunduka kuti, "Zabwino kwambiri!" Anathamangira kunyumba kukaitana mwamuna wake. Pobwera anapeza khoma loyera, njereza ikudontha, a Jonasi ataima chilili ngati msilikali. Bwanayo anawalamula kukumba zimbudzi mwezi wonse, ndipo m'zimbudzimo anajambulamonso.

Fabiano anafika pa esiteti m'zaka za m'ma 1930, atatumidwa ndi amishoni kuti adzaphunzitse ana ndi kutsogolera mapemphero. Anali mnyamata wofatsa, wa malaya ochapa bwino, wobadwira m'malayini a esiteti ina koma wokulira kumishoni. Kumeneko anaphunzira kujambula pokopera zithunzi za oyera zochokera ku Ulaya. Sankadziwa mayina a amisiri amene anazijambula, koma ankawalemekeza ngati makolo ake. Ankadziwa kupinda mkanjo, kuika kuwala kuzungulira mutu, ndi kukweza maso a munthu kumwamba. Ansembe onse ankamutama, ndipo iye anazolowera.

Sabata yake yoyamba anajambula woyera wina pakhoma la sukulu. Akumaliza, anamva munthu akupumira pakhosi pake.

"Aphunzitsi, mkuluyu anadyapo chiyambire?"

Fabiano anatembenuka. "Ndi woyera, bambo."

"Woyera sadya? Nanga waima pa chiyani? Mapazi akewa sakuponda pansi, akulendewera ngati nsalu pachingwe. Mukamukankha agwa?"

"Ndinakopera kwa amisiri a ku Ulaya."

"Ndiye ku Ulayako kulibe dothi."

Pomwepo panadutsa mayi wina wachilendo, amene anali asanamve malamulo a pamalopo. Anaomba m'manja n'kunena kuti, "Ayi, chokongola!" Fabiano asanatsegule pakamwa, woyera uja anali atalowa m'njereza mpaka m'khosi.

"Chimenechi ndi changa!" anakuwa Fabiano, kuiwala ulemu. "Si chanu ayi!"

"Khoma ndi langa," anayankha a Jonasi, akumalizitsa mutu. "Munthu akati chokongola, ndiye kuti wasiya kuyang'ana. Tsono chithunzi chosayang'anidwa chikhalirenji?"

Fabiano anakwiya masiku ambiri. Analumbira kuti sadzalankhulanso ndi munthu wosaphunzira, wonunkha njereza, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Koma akamadutsa pa tambala wa a Magireti, ankapeza kuti wachedwetsa mapazi. Tambalayo anali wolakwika paliponse, koma ankaoneka kuti alira nthawi iliyonse. Oyera ake a Fabiano anali olondola paliponse, koma palibe amene ankaoneka kuti angatsokomole.

Anabwerera ndi pepala m'manja, akunamizira kufunsa za tsiku lopaka sukulu. A Jonasi analanda pepalalo, n'kulitembenuza chadodolido, n'kulibweza.

"Pitani kumunda. Mukaone a Enelesi akuthyola tiyi. Musakajambule nkhope, nkhope ndi yabodza, imasintha ikaona kapitawo. Mukajambule msana. Dengu likadzaza, msana umanena."

Fabiano anapita, anajambula, anabwera.

"Dengu ili lilibe kanthu."

"Ladzaza mpaka pakamwa!"

"Masamba mwaikamo, koma kulemera mwaiwala kunyumba."

Anapitanso. Akabwera ndi msana, ankauzidwa kuti khosi lagona. Akakonza khosi, mkono unali wa munthu wina. Nthawi zina a Jonasi ankalakwa poyera, monga tsiku limene anakakamira kuti ng'ombe podzuka imayamba ndi miyendo yakutsogolo. Fabiano anawatengera kukhola, ng'ombe inadzuka ndi yakumbuyo, ndipo a Jonasi anati ng'ombeyo ndi ya mzungu, siidziwa mwambo.

Amene anamuthandiza mwakachetechete anali a Lesitina, mkazi wa a Jonasi, woumba mbiya. Fabiano ankakhala pakhonde pawo akudikira chitonzo chatsiku, n'kumaona mmene ankalembera mizere pakhosi pa mbiya yaiwisi ndi kachibango. Sankabwereza mzere. Ukakhota, ankakhotetsa wotsatira kuti ugwirizane nawo.

"Inu mumafufuta kwambiri, aphunzitsi," anatero tsiku lina. "Dothi silidikira munthu wamantha."

"Nanga amuna anuwa, mayi, anakutamanipo chiyambire?"

"Iwowa? Tsiku londifunsira anati ndimayenda ngati bakha. Ndinadziwa kuti nkhani yatha, ndakwatiwa."

Chaka chachitatu wansembe woyendera masukulu, mzungu wamtali wa ndevu, anabwera ndi nkhani. Kumishoni kunali nyumba yosindikizira mabuku, ndipo ankafuna mnyamata mmodzi woti akaphunzire kujambula zithunzi za m'mabuku a ana. Malo anali amodzi okha. Wansembe anauza Fabiano kuti ajambule chithunzi chachikulu pakhoma lam'kati mwa tchalitchi, ndipo adzabwera mu Seputembala kudzachiona. Chikadzakhala chothandiza akhristu kupemphera, malowo adzakhala ake.

Fabiano sankafuna china chilichonse padziko kuposa malo amenewo. Anasankha ulendo wa Yosefe ndi Maria pothawira ku Ejipito. Poyamba anafuna kukopera monga kale, bulu ndi mikanjo yabuluu, koma dzanja linakana. Anajambula mwamuna wowonda, khasu paphewa, akucheukira kumbuyo. Anajambula mkazi wa mtolo waukulu pamutu, mwana kumbuyo atamumanga ndi nsalu, mapazi ali ong'ambika, akuponda njira yofiira ya katondo. Kumbuyo kwawo kunali phiri, ndi utsi wa mudzi woyaka.

A Jonasi ankabwera, n'kuima pakhomo, n'kuchoka osanena kanthu. Zimenezi zinamuopsa Fabiano kuposa chitonzo chilichonse.

Lamulungu loyamba chithunzi chitatha, nyimbo inasokonekera pakati. Amayi achikulire anachiyang'ana n'kugwira pakamwa. Onse anali atayenda ulendo wotero, ena ali kumbuyo kwa amayi awo, ena atasenza okha. Mkulu wina anatuluka panja kukapuma. Palibe amene ananena mawu, chifukwa mawu okhawo amene anali nawo anali oopsa.

Tsiku la wansembe linafika. Kapitawo anali atalamula kuti kunja kwa tchalitchi kupakidwe polemekeza mlendo, ndipo a Jonasi atamaliza anakhala pakhomo, ndowa ili pakati pa miyendo, burashi ili m'manja. Anthu polowa anaiona ndowayo. A Magireti ananong'oneza a Enelesi, a Enelesi ananong'oneza wapafupi, ndipo mawu anayenda mpaka kumipando ya amuna: mzunguyu akangotama, chapita.

Wansembe anaima patsogolo pa khoma, manja kumbuyo, akusisita ndevu. Ankaoneka wokayika, komanso wokhudzidwa. Anayang'ana mapazi aja nthawi yaitali.

"Sindinaonepo chotere," anatero. "Bulu palibe. Koma chithunzi si changa, ndi cha akhristu. Inu muti bwanji?"

A Magireti anaimirira msangamsanga, wansembeyo asanapitirize.

"Bambo, chimenechi n'chamanyazi! Maria ameneyu ngati wothyola tiyi wa ku layini yakumunsi!"

"Yosefe miyendo ngati mipini!" anakuwa wina.

"Bulu anamugulitsa kuti?"

"Mwanayo mutu ngati dzungu!"

"Ine ndikachiona, pemphero limathawa!" anatero a Enelesi, ndipo misozi inali chuchuchu m'masaya.

Tchalitchi chonse chinawira. Anthu amene ankachikonda kwambiri ndiwo ankakuwa kwambiri. Mkulu amene anatuluka panja Lamulungu lija anafika pogwedeza ndodo, akunena kuti sanaonepo zonyansa zotere chibadwire, mawu akunjenjemera. Wansembe anaona misozi, anaona ndodo, ndipo nkhope yake inafiira.

"Bambo," anatero Fabiano, "sakutanthauza zimenezo. Kuno anthu akati..."

"Mwana wanga, makutu ndili nawo. Taona amayi awa akulira. Wawapweteka mtima." Anamugwira paphewa mwachifundo. "Uli ndi dzanja, koma walisocheretsa. Khomali lipakidwe."

Atatero, wansembe analunjika panja. Kenaka pakhomo panaphulika mawu a a Jonasi.

"Anthu opusa inu! Ndowa iyi ndi ya khoma lakunja! Ndani anakuuzani kuti ndikufuna kufafaniza? Mwamupha mwanayu ndi milomo yanu!"

Anawatukwana m'Chilomwe mpaka agogo awo, koma wansembe, amene sankamva Chilomwe, anali atatuluka kale kupita pa njinga yake yamoto. A Jonasi anataya burashi n'kumuthamangira, miyendo yaifupi ikuwaza fumbi.

"Bambo! Taimani! Chithunzicho!"

"Nenani, mkulu."

A Jonasi anatsegula pakamwa. Anthu onse anali atatuluka, akudikira. Mkuluyo ankangofunika kunena mawu amodzi, mawu amene mwana aliyense amawadziwa. Thukuta linatuluka pamphumi.

"Chithunzicho, Bambo... mkono wa Yosefe watalika. Phirinso lapendekeka. Koma..."

"Ndiye inunso mukugwirizana nawo," anatero wansembe. "Mupake mawa." Anaponda njinga, ndipo inalira n'kupita.

Fabiano anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene anaima a Jonasi.

"Mawu amodzi okha, bambo. Amodzi. Anakukanikani?"

"Ndinati koma."

"Koma chiyani?"

"Njinga inalira."

Malo aja anapatsidwa kwa mnyamata wa sukulu ina, wodziwa kukopera mikanjo. Anthu anatumiza nthumwi kwa Fabiano ndi nkhuku ndi nthochi, akupepesa, akufotokoza kuti ankachitira chikondi. Iye anabweza zonse. Chikondi chotani chimene chimadya tsogolo la munthu? Anali atapirira zaka zitatu za chitonzo, atakhala pakhonde ngati wopempha, atasiya njira imene ansembe ankaitama, ndipo malipiro ake anali amenewa. Mawa lake a Jonasi analowa m'tchalitchi ndi ndowa, n'kutseka chitseko. Ntchito ya mmawa umodzi inawatengera mpaka dzuwa kupendeka. Atatuluka, khoma linali loyera.

Fabiano anasiya kujambula. Akakumana ndi a Jonasi panjira, ankavula chipewa monga mwa mwambo, n'kudutsa.

"Aphunzitsi!" ankakuwa a Jonasi kumbuyo. "Kukwiya kwanu komwe n'kopendekeka! Phewa limodzi lakwera!"

Iye sankacheuka.

Chifuwa chimene chinkavuta a Jonasi kwa zaka, cha fumbi la njereza, chinawagoneka mvula isanayambe. A Lesitina anabwera kusukulu kudzanena kuti mkuluyo akufunsa ngati aphunzitsi akali ndi manja. Fabiano anati adzapita Loweruka. A Jonasi sanafike Loweruka. Pamaliro, kapitawo Bizwiki analankhula nthawi yaitali za mmisiri wamkulu amene esiteti yataya, ndipo Fabiano anaima kumapeto kwa anthu, chipewa m'manja, osadziwa kuti wakwiyira ndani.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi mphamvu. Mu Januwale mphepo inasasula udzu pangodya ya denga la tchalitchi, ndipo madzi anayenderera pakhoma lam'kati. Lamulungu, Fabiano akuwerenga pemphero, anaona kuti anthu sakuyankha. Onse ankayang'ana kumbuyo kwake. Anatembenuka.

Pamene khoma linanyowa, njereza inali itapyapyala ngati nsalu yonyowa, ndipo pansi pake anthu aja anali kuyendabe. Mwamuna wa khasu, mkazi wa mtolo, mwana kumbuyo, njira yofiira, zonse zinali pomwepo ngati anthu obwera m'nkhungu.

"Ndiye zimene ankachita tsiku lonse lija," anatero a Lesitina pang'onopang'ono. "Njerezayo anaisungunula ngati phala la wodwala. Ankangoisisita."

Fabiano anayandikira. Palibe chimene chinafafanizidwa, ngakhale mkono wotalika uja. Koma pakati pa mutu wa Maria ndi mtolo panali chinthu chimene iye sanajambule. Inali nkhata, yakuda bii ndi mwaye, yolembedwa ndi dzanja lolemera limene aliyense pa esiteti ankalidziwa.

"Anawatuma ndani?" anatero Fabiano mokweza, m'tchalitchi momwemo. "Chithunzi cha mwini! Ndiponso nkhata yake kukula ngati gudumu la ngolo!"

"Ankati mayi ameneyu akupita kutali," anayankha a Lesitina. "Ankati iwo sangamukwirire alibe nkhata, khosi lake likuwawawa."

Fabiano anakhala pa benchi ya ana, buku la mapemphero lili pamaondo, ndipo a Magireti ndiwo anayambitsa nyimbo. Dzuwa litawala masiku otsatira, khoma linauma, ndipo anthu aja anabwerera m'kati mwa njereza.

Wopaka njereza wa masiku ano, a Dikisoni, ndi munthu wabwino, waukhondo, wosavuta. Malayini onse ndi oyera ngati chipatala, ndipo palibe amene amachedwetsa mapazi podutsa. Anthu anayambiranso kutamana. Ndiwo zikakoma amati zakoma, zikapanda kukoma amatinso zakoma. Fabiano anayambiranso kujambula, ndipo aliyense amene amamuonetsa amati chokongola asanamalize n'kuyang'ana komwe. Iye amathokoza, n'kupinda pepala, n'kukafufuza yekha pamene palakwika, ndipo nthawi zambiri sapapeza.

Kumishoni sanapite. Akali pa esiteti pomwepo, ndipo khoma lam'kati mwa tchalitchi salola a Dikisoni kuliyandikira. Chaka chilichonse akuluakulu a mpingo amakumbutsa za ngodya yodontha ija, ndipo chaka chilichonse mphunzitsi wofatsayo amapsa mtima. Amati udzu wa chaka chino ndi wosakhwima, kapena ofolera ndi aulesi, kapena nkhaniyo idikire chilimwe. Mvula ikayamba, amene amakhala mbali imeneyo amabwera ndi masaka ofunda kumutu. Amadandaula mokweza kuti madzi akuwalowa m'khosi, kuti tchalitchi chotere n'chamanyazi, koma palibe amene amasuntha.